Mlendo Wagona kwa Apongozi

Kositala yoyera itaima pa Namitete Lolemba m'mawa, ngakhale amayi a tomato anasiya kuitanira malonda. Munatsika anthu khumi ndi awiri. Azungu analipo asanu, enawo akuda anzathu, koma aliyense botolo la madzi m'manja ngati kuno kulibe mijigo. Womaliza kutsika anali Fletcher, mwana wa aNambewe a kutsidya kwa dambo, khadi lili lendelende m'khosi.

Benedeta sanapite kukaonerera. Mtsikana woti Loweruka lomwelo atsibweni a mwamuna akubwera kudzagogoda kwawo sangamakaime pamsewu n'kumasuzumira m'magalimoto. Anatsala pakhomo akuchapa makatani, koma khutu lili kumsewu.

Chibwenzi chake ndi Fletcher chinali chitatha zaka ziwiri. Fletcheryo amagwira ntchito pa yunivesite ina ku Lilongwe, mu ofesi yolandira ophunzira ochokera kunja, aja amabwera kudzakhala m'midzi mwezi wathunthu n'kumalemba m'makope ngakhale kagonedwe ka nkhuku. Ndiye chaka chino akuluakulu anati asanatumize ana a eni, ayambe abwera okha amene amaperekeza anawo, ogwira ntchito m'mayunivesite osiyanasiyana. Adzagone m'nyumba zomwezo sabata imodzi, adye zomwezo, alowe m'zimbudzi zomwezo. Wekishopu yake ndi imeneyo. Kwawo kwa Benedeta anapatsidwa mayi wina wa ku Holande, wamtali, wa imvi, wofunsa chilichonse mpaka dzina la galu.

Katani yachitatu isanafinyidwe, anatulukira Prisca, msuweni wake, ali wefuwefu.

"Iwe Bene, ukuchapira ndani zimenezo?"

"Alendo a Loweruka."

"Loweruka n'kutali, mwali. Wamva amene wagwera kwa aNambewe?"

"Kwa aNambewe kulibe mlendo. Sali pa mndandanda."

"Dzulo sanali. Kwa a Henderson kwagwa maliro, ndiye mlendo wa kumeneko amusamutsa. Ndipo si wa imvi ngati wanuyu ayi. Ndi Mmalawi, dzina lake Linda, wa ku yunivesite ya kumwera uko. Khungu ngati amasamba mkaka. Akamaseka, apa pamaboola." Prisca anadziloza patsaya. "Chikwama chake ananyamula ndi a Fletcher ako, mpaka kulowa nacho m'nyumba."

Benedeta anapitiriza kufinya katani, koma anaifinya mpaka inalira.

Inu, pabwalo la aNambewe iyeyo anali asanapondepo ngakhale chala. Mwambo sulola ankhoswe asanakumane. Akawaona aNambewe akubwera panjira, amapatukira kutchire n'kugwada mpaka adutse. Ndipo aNambewewo, mayi wa Chigwirizano ku CCAP, sankabisa kuti safuna mtengwa woyenda ndi kolona m'khosi. Zinam'tengera Fletcher chaka chathunthu kunyengerera atsibweni ake, a Tomasi, kuti avomere zopita kukagogoda kwa Akatolika. Lero mkazi wina wangotsika m'galimoto n'kulowa m'nyumba imeneyo ndi nsapato.

*

Benedeta anaimba foni katatu. Kachinayi m'pamene Fletcher anayankha, kumbuyo kukumveka anthu akuseka.

"Bene wanga, ndili pakati pa zokambirana. Kwagwanji?"

"Sikunagwe kanthu. Ndimati ndimve ngati mlendo wafika bwino kwanu. Chikwama sichinakulemereni?"

"Prisca ameneyo!" Fletcher anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa m'mano. "Tamvera. Kwa a Henderson kuli maliro. Munthu ndikanam'goneka pamsewu? Nyumba ya malata, ya chimbudzi chotseka bwino, yoti ndiipeze m'mawa umodzi, inali ya amayi basi."

"Bwanji simunam'bweretse kwathu kuno, n'kutenga mayi wa imviyu kupita naye kwanu?"



"Mapepala anali atalembedwa kale."

"Oho. Mapepala."

"Bene, ine sindikugonako kumeneko. Lamulo la wekishopu likuti munthu asagone kwawo. Ine andiponya kwa a hedimasitala. Kwa amayi ndizingopitako masana, kukaona ngati mlendo akukhala bwino. Ndi ntchito imene andipatsa, ndiziyendera nyumba za alendo."

"Ndiye kwathunso mubwera, eti?"

"Aa, iwenso ukudziwa. Ine ndikalowe m'nyumba ya amayi ako? Ndikasuzumire m'bafa mwa apongozi, fomu ili m'manja? Kwanu azibwera mnzanga wina wa ku Zambia."

Foni itaduka, Benedeta anaima pomwepo n'kumawerengera. Kwa iye, amene akumukwatira, Fletcher safika sabata yonse chifukwa cha mwambo. Kwa Linda azifika tsiku ndi tsiku chifukwa cha fomu. Anayesa kuitembenuza nkhaniyo uku ndi uku, koma mbali zonse inkamubaya chimodzimodzi.

*

Nyumba iliyonse yosunga mlendo inalandira kapepala ka malangizo m'Chichewa. Benedeta ndi amene anawawerengera amayi ake. Kanati: "Mlendo musamusunge ngati mlendo. Akhale ngati mwana wa m'nyumba. Mumupatse ntchito, mumuphunzitse mwambo, mukafuna mumupatsenso dzina."

Amayi ake a Benedeta anangomupatsa mayi wa ku Holande uja lichero la mtedza kuti aziswa, basi, mwambo watha. Koma aNambewe kapepalako anakawerenga ndi maso ena. Pofika Lachitatu, dera lonse linali litamva kuti Linda amadzuka kukusesa pabwalo, amatereka madzi osamba, wazira khonde lonse, ndipo Fletcher akabwera masana amamusambitsa m'manja atagwada. Ntchito zonsezo, abale, ndi zimene amamuyesera mtengwa watsopano. Dzina anamupatsa loti Tampeza.

M'mawa wa Lachitatu lomwelo Benedeta ndi Linda anakumana pa mjigo. Benedeta anamuzindikira asanauzidwe, chifukwa anavala chitenje cha tchalitchi cha aNambewe, chija sabwereka ngakhale mwana wawo wamkazi. Ndipo Prisca sananame. Mkaziyo anali wokongola moti unkachita kukwiya.

"Asisi, mwadzuka bwanji?" Linda ndi amene anayamba. "Mjigowu umafuna mphamvu, eti? Manja anga onani, matuza okhaokha."

"Muzolowera," Benedeta anayankha.

"Fule akundiseka, akuti ine wa m'tauni sindingathe sabata."

"Fule ndi ndani?"

"Fletcher. Tinkamutchula choncho ku Jeremani chaka chatha, tili pa maphunziro ena ngati omwewa. Anadwala chimfine kumeneko chifukwa cha chisanu. Munthu wamkulu kubuula ngati khanda! Ndinkachita kumuphikira tiyi wa jinja ineyo m'mawa uliwonse."

Za chisanu Benedeta anazimva, Fletcher atabwerako. Za chimfine anazimva. Za tiyi ndi wophika wake, lero kanali koyamba.

"Ine ndine Benedeta," ananena pang'onopang'ono, maso ali pankhope ya Linda, kudikira kuti chikope chigwedere.

Sichinagwedere.

"Dzina labwino. Ndinu achibale ake a Fule?"

Prisca, amene anali pomwepo, anatsokomola mpaka kugwira mpini wa mjigo.

"Timangodziwana," Benedeta anatero.

"Ndiye tandisenzani, asisi. Amayi akudikira madziwa."

Amayi! Benedeta anagwira ndowa mbali imodzi, n'kuikweza pamutu pa Linda ndi manja ake omwe. Nthawi yomweyo kunjira kunamveka mawu.

"Tampeza! Mwana wanga, usadzipweteke khosi, ukanatenga yaing'ono."

Anali aNambewe. Benedeta anasiya ndowa yake n'kupatukira m'mapesi, n'kugwada nkhope ili kumbali. ANambewe sanamuyang'ane n'komwe. Anaima pakati pa amayi a pa mjigo, dzanja lili pamsana pa Linda.

"Mwamuona mwanayu? Madigiri awiri, ndege wakwera kosawerengeka, koma khonde langa wazira ngati wobadwira kuno. Ndipo bambo ake ndi mkulu wa mpingo, mpingo wathu womwewu. Ana oleredwa amaoneka okha."

Amayi ena anayankha "eetu", ena anaponya maso kumapesi kuja. Chiswe chinkamukwera Benedeta m'miyendo, koma sanasunthe mpaka awiriwo atazimirira kudambo.

*

Masana Benedeta anamulembera Fletcher meseji.

"Tiyi wa jinja wa ku Jeremani anali wokoma?"

Yankho linabwera patapita ola. "Aaa Bene. Ndi mnzanga wa kuntchito basi."

"Nanga dzina langa sakulidziwa bwanji?"

"Kuntchito sitikamba za kunyumba."

"Koma za chimfine mumakamba."

Foni inaonetsa kuti Fletcher akulemba, n'kusiya, n'kuyambanso, n'kusiyanso. Kenako inabwera meseji yaitali.

"Loweruka atsibweni akubwera kwanu, osati kwa Linda. Ukufunanso umboni wanji? Mawa pa sukulu pali masewero a wekishopu, mabanja onse osunga alendo aitanidwa. Amayi akhalapo, atsibweni akhalapo. Akuyang'ana iweyo. Chonde ugwire mtima masiku awiri okha. Amayi akungofuna chifukwa, usawapatse."

Benedeta anaiwerenga kanayi. Anawerenganso Tikuoneni Mariya katatu, n'kulumbira kuti mawa ngakhale Linda atavala diresi la ukwati, iye pakamwa atseka.

*

Lachinayi masana, pansi pa mitengo ya mango ya pa sukulu panadzaza. Alendo anakhala pa mipando, abambo pa mabenchi, amayi pa mphasa. Benedeta anapatsidwa ntchito yogawa thobwa, ndipo ankayenda mowerama ndi jagi yake, chitenje chitafika m'mapazi, duku litamangidwa bwino, moti a Tomasi atalandira kapu yawo anagwedeza mutu mokhutira.

Mkulu wa wekishopu anali mzungu wa dazi, woyankhula kudzera mwa mphunzitsi wina amene ankamasulira. Anafotokoza kuti woperekeza ophunzira ayenera kukonzekera zovuta zisanachitike, ndiye aziyeserera mwa sewero. Loyamba, wa ku Zambia uja anadwala malungo, n'kunjenjemera mpaka kugwa pampando, anthu anaseka. Lachiwiri, mayi wa ku Holande anataya pasipoti, n'kuifunafuna mpaka m'duku la amayi ena.

"Lachitatu," womasulira anatero, "akuti mnyamata wa m'mudzi akufunsira wophunzira wathu. Wophunzirayo akane mwaulemu, osamunyoza munthu. Akufuna mwamuna wodziwa mmene timafunsirira kuno."

Zala zonse zinaloza Fletcher. Iye anayesa kukana, koma anzake anamukankhira pakati, wina n'kumukokera njinga ya a hedimasitala.

"Nanga wophunzira akhala ndani?"

Dzanja la Linda linali m'mwamba kale.

Anamupatsa kapepala kolembapo mawu okanira. Fletcher sanapatsidwe kalikonse, anangomuuza kuti alankhule mmene amalankhulira anyamata a kuno. Anakankha njinga mpaka pamene panaima Linda, analiza belu, anthu n'kuseka. Kenako anakanda mutu. Anayang'ana pansi, anayang'ana mumtengo, mawu osabwera. Ana a sukulu anayamba kukuwa, "Funsirani, achimwene!" Ndiye m'pamene anatsegula pakamwa.

"Chemwali, njingayi ndi yakutha, koma kaliyala wake sanakhalepo mkazi wina. Ndinkasungira inuyo."

Thobwa linasefukira m'kapu n'kutayikira pa nsapato za abambo ena, Benedeta osaona.

Mawu amenewo anali ake. Zaka ziwiri zapitazo, panjira ya ku chigayo, iye atasenza chimanga, Fletcher anatsika pa njinga ya malemu bambo ake n'kumuuza mawu omwewo, osasintha ngakhale amodzi. Benedeta anali asanauzepo munthu, ngakhale Prisca. Ankawasunga yekha, n'kumawatulutsa masiku amene Fletcher ali kutali. Lero awayala pabwalo la sukulu kuti azungu awombe m'manja.

Komabe anagwira mtima. Anati ndi sewero, Linda akana, zitha.

Linda anayang'ana kapepala kake. Anakapinda pawiri, anakapindanso, n'kukalowetsa m'chitenje.

"Ndiye mukudikira chiyani?" anatero.

Anakhala pa kaliyala cham'mbali, n'kumugwira Fletcher m'chiuno ndi manja onse awiri.

Bwalo linaphulika. Anyamata analiza malikhweru. Ndipo pamwamba pa phokoso lonselo panamveka nthungululu za aNambewe, zazitali, katatu, zija amaimba mkwatibwi akamatuluka m'tchalitchi.

Benedeta sanadziwe nthawi imene anaika jagi pansi. Anangozindikira ali pakati pa bwalo.

"Tsikani."

Linda anadabwa. "Asisi a ku mjigo?"

"Ndati tsikani! Kaliyala ameneyo ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndine. Kapepala kanu kanati mukane. Madigiri awiri kulephera kuwerenga kapepala kamodzi?"

"Bene," Fletcher ananong'ona, "chonde."

"Inu khalani chete, a Fule! Mawu enanso anakutherani? Munayenera kutenga anga omwe?"

Akanalekera pomwepo, mwina zikanakonzeka. Koma mkwiyo unali utathamanga kale. Anatembenukira kumphasa, ali chilili, osagwada, chala chitaloza.

"Ndipo inu mayi, nthungululuzo sungani. Mudzazifuna Loweruka."

Azungu anawomba m'manja. Mayi wa ku Holande anachita kuimirira. Wa dazi uja anathamangira pa pepala lake lalikulu n'kulembapo mwachangu, akuyankhula mosangalala. Womasulira anatembenukira kwa Benedeta.

"Akuti... akuti zikomo kwambiri. Anaiwala kuti mnyamata wa m'mudzi akhoza kukhala ndi chibwenzi chake kale. Akuti mwasewera bwino kuposa onse."

Koma kumabenchi ndi kumphasa kunalibe wowomba m'manja. Amayi ake a Benedeta anafunda chitenje kumaso. ANambewe anadzuka mosafulumira, anadzisansa, n'kuyang'ana kumene kunakhala mlongo wawo.

"Achimwene, mwadzionera nokha. Ine sindiwonjezerapo kanthu. Tampeza, mwana wanga, tiye kwathu."

*

Lachisanu lonse amayi ake a Benedeta anamuyankhula kamodzi kokha.

"Ndinakuphunzitsa ine zimenezi? Kuloza apongozi chala, uli njoo ngati mtengo? Mkazi uja wakhala akusaka pokugwirira chaka chonse, iwe wakamupatsa m'manja pamaso pa mudzi."

Kuchokera kwa Fletcher kunabwera meseji imodzi. "Ndalakwa ine, mawu aja anangotuluka okha, ena sindiwadziwa. Koma iwenso Bene. Ndili kwa atsibweni, ndikuyesa." Benedeta ataimba, Fletcher sanayankhe.

Chakumadzulo dzuwa likadalipo, Benedeta ali kuseri kwa nyumba akusankha nyemba, anamva "odi" wa mawu ofewa. Anali Linda, lero atavala buluku lake la m'tauni.

"Ndikhale, asisi?"

"Mpando si wanga, ndi wa alendo."

Linda anakhala pa mtondo. "Ndabwera kudzapepesa. Sindinkadziwa za inu. Fule sanandiuzepo, amayi sanandiuzepo. Ndikanadziwa, sindikanakuuzani za tiyi uja pa mjigo."

"Mwapepesa. Ndamva."

"Sindinathe." Linda anatola nyemba imodzi n'kumaizunguza m'zala. "Ine sindikonda kunama, ndiye ndikuuzani ndekha musanamve kwa anthu. Kapepala kaja ndinakawerenga bwinobwino. Kanati ndikane. Pakamwa panga ndi pamene panakana kukana."

Benedeta anasiya nyemba.

"Mukuti chiyani?"

"Ndikuti ine sindinkasewera. Chiyambire ku Jeremani ndakhala chete, kudikira kuti aone yekha. Tsopano ndadziwa kuti mulipo, ndipo zandipweteka. Koma kudziwako sikunafufute kanthu mumtimamu."

"Ankhoswe akubwera mawa."

"Akabwera, ndidzakufunirani zabwino, ndipo simudzandionanso." Linda anabweza nyemba ija m'lichero, anaimirira n'kudzisansa. "Akabwera."

Anachoka mosathamanga, n'kuima pakhonde kupereka moni kwa amayi ake a Benedeta, atagwada bwinobwino, mawondo onse awiri pansi.

*

Loweruka pabwalo panasesedwa mpaka panalibe tsamba. Makatani anapachikidwa, tambala anaphedwa. Atsibweni ake a Benedeta, a Godfrey, anafika m'mawa kuchokera ku Kabudula atavala jekete. Mayi wa ku Holande anatsanzika, anamukumbatira Benedeta n'kumuuza m'Chichewa chake chothyoka kuti ndi katswiri wa zisudzo, n'kupita kukakwera kositala pa sukulu.

Anadikira. Dzuwa linafika paliwombo, ndiwo zinazizira, a Godfrey anavula jekete.

M'pamene inatulukira njinga. A Tomasi anali okha. Wobwera kudzagogoda sayenda yekha, ngakhale mwana amadziwa. Atawauza kuti alowe, anakana, anati pakhonde pomwepo m'pabwino. Benedeta ndi Prisca anamatirira kuseri kwa chitseko, makutu ali pa mng'alu.

"Anzanga," a Tomasi anayamba, chipewa chili pabondo, "ndabwera kuti musadikire pachabe. Mawu amene tinapangana kuti tibweretsa lero, sindinawatenge."

"Mwawasiya kuti?" a Godfrey anafunsa.

"Ali kunyumba. Sitinawataye, tangowaika pambali. Zimene zinachitika pa sukulu munazimva. Mlongo wanga sakudya chiyambire Lachinayi. Ine mwana wanu ndinamuona akugawa thobwa, ndinati apa pali mkazi. Koma chala chija ndinachionanso."

"Mwana walakwa, sitikukana. Tibwera naye adzagwade, mawa lomwe."

"Mlongo wanga wati asavutike kaye. Wati nkhani yonse idikire mnyamata abwereko."

"Abwereko kuti? Si ali konkuno?"

A Tomasi anatembenuza chipewa chawo. "Kodi sanakuuzeni? Maphunziro awowa sanathere pano. Gawo lachiwiri lili ku Kenya, masabata atatu. A ku Malawi malo ake ndi awiri okha, ndipo dzulo akuluakulu awo atchula mayina. Ati asankha amene aoneka kuti amagwirizana pa ntchito. Galimoto yanyamuka kale, mawa akukwera ndege."

"Mmodzi ndi Fletcher. Winayo ndani?"

A Tomasi anaweramitsa mutu. Anangoyang'ana m'chipewa mwawo ngati dzinalo lalembedwa momwemo.

Prisca anafuna kumugwira dzanja, koma Benedeta anali atatulukira kale khomo la kumbuyo, foni ili kukhutu. Anati angomva mawu a Fletcher okha, anene yekha kuti Loweruka lina lidzafika. Inalira kamodzi, kawiri, kachitatu wina anayankha. Kumbuyo kunkamveka injini ndi mavenda akuitanira mbatata yootcha.

"Fletcher, bwanji simunandiuze?"

"Halo, asisi." Mawuwo anali ofewa, osafulumira. "Fule watsika pa Mpingu pano kukagula madzi, foni wandisungitsa ine. Ndimuuze kuti chiyani?"